Diso Lisanawerenge: Kuunika Luso la Mapositala ndi Zimene Limachita pa Kalembedwe ka Chichewa

Mawu oyamba

Mlembi wa buku amadziwa kuti womuwerenga wakhala pansi, wapatula nthawi, ndipo akapanda kumvetsa chiganizo adzabwerera mmbuyo. Positala ilibe mwayi wotere. Iyo imakumana ndi munthu ali panjinga, kapena atasuzumira pazenera la basi, ndipo ikalephera kumukola diso m'kanthawi kochepako yataya ntchito yake. N'chifukwa chake akatswiri a luso limeneli, kuyambira zaka za m'ma 1860, akhala akufunafuna njira zochepetsera mawu, kuwakuza, kuwadula ndi kuwayala papepala kuti ayambe kuoneka asanawerengedwe.

Njira zimenezi zinafika kwathu kudzera m'makampani otsatsa malonda, m'mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi, ndipo masiku ano zimabwera zokonzakonza m'makompyuta. Pamene malamulo a kalembedwe ka Chichewa ankatuluka mu 1973, ndi kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, maso a onse anali pa buku ndi nyuzipepala. Khoma la sitolo ndi chipupa cha chipatala zinasiyidwa m'manja mwa ojambula, chonsecho mwana wa sukulu amawerenga khoma kawirikawiri kuposa buku.

M'nkhani ino tiunika masitayilo atatu amene anaumba positala monga tikuidziwira: ya ku Paris, ya ku Berlin ndi ya ku Switzerland. Muyeso wathu ndi umodzi: kodi sitayilo iliyonse imachita chiyani ndi mawu? Maganizo athu ndi akuti luso lililonse mwa atatuwa linabadwira m'chinenero chake ndipo linkalemekeza chinenerocho. Wolitenga n'kuliika pa Chichewa osayamba wafunsa mmene Chichewa chimamangira mawu ake amatulutsa chinthu chokongola m'maso koma cholakwika, ndipo nthawi zina chonena zosemphana ndi zimene mwini wake ankafuna.

Paris: lembo lisanduka chithunzi

Positala ya mitundu yambiri inatheka chifukwa cha njira yosindikiza ndi mwala imene Alois Senefelder anatulukira ku Munich cha m'ma 1796. Njirayi imadalira mfundo yakuti madzi ndi mafuta sizisakanizika. Katswiri amajambula pamwala wosalala ndi choko chamafuta, mwalawo n'kunyowetsedwa. Inki imamata pamene padutsa chokocho ndipo imakana pamene pali madzi. Utoto uliwonse umafuna mwala wakewake. Jules Chéret, amene anatsegula nyumba yake yosindikizira ku Paris mu 1866, anaonetsa kuti miyala itatu kapena inayi yokha, ikasanjikizana mwanzeru, imabala mitundu yochuluka pamtengo wotsika. Iyeyu anasiya mapositala oposa 1,000.

Chimene chikutikhudza ife n'chakuti pamwalapo malembo ankachita kujambulidwa ndi dzanja, chagada ngati pagalasi, monga mmene ankajambulira nkhope ndi zovala. Lembo linamasuka ku mzere wowongoka wa m'buku: linayamba kupindika, kukula ndi kuvina. Pa positala imene Henri de Toulouse-Lautrec anakonzera malo achisangalalo a Moulin Rouge mu 1891, dzinalo lalembedwa katatu, mzere pansi pa unzake, koma mizere itatu yonseyo ikugawana M mmodzi wamkulu. Mu 1932 A. M. Cassandre anapita patsogolo potsatsa chakumwa cha Dubonnet. Anajambula kamunthu katatu: koyamba kakuyang'ana tambula, kachiwiri kakumwa, kachitatu kakuthiranso. Pansi pake dzinalo likudzaza utoto pang'onopang'ono: Dubo, kenaka Dubon, pomaliza Dubonnet.

Ambiri amatama positala imeneyi chifukwa cha nthabwala ya chithunzi. Ife tikuitama chifukwa cha khutu la Cassandre. Pamene anadula dzinalo sanadule mwachisawawa: chidutswa choyamba chimamveka ngati mawu a Chifalansa otanthauza chinthu chokongola, chachiwiri ngati otanthauza chinthu chabwino. Mpeni wake unadutsa pamene chinenero chinamuloleza.

Apa ndi pamene otsanzira ambiri amapunthwa. Mawu a Chichewa amadulidwa potsata maphatikizo, ndipo phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, kupatulapo m uja amene amaima payekha monga m'mawu akuti mtengo. Motero timadula ma-nkhwa-la, ma-lu-ngo, chi-mbu-dzi. Wojambula amene akuyeza mawu ndi rula amadula man-khwala kapena malun-go, chifukwa diso lake linazolowera Chingerezi, m'mene phatikizo limatha kuthera pa lembo lopanda liwu. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amene wathera miyezi akuphunzitsa ana kuti nkhwa ndi phatikizo limodzi amapeza kuti khoma la chipatala likumutsutsa.

Ngakhale kudula kotsata maphatikizo kukhoza kupweteka tanthauzo. Taganizirani mawu akuti Musaiwale atagawidwa m'mizere iwiri, MUSA pamwamba, IWALE pansi. Lamulo la maphatikizo silinaswedwe, koma diso layamba laona dzina la munthu. Phunziro la Cassandre ndi limeneli: chidutswa chilichonse chimene chaima pachokha chimawerengedwa pachokha.

Berlin: chinthu chimodzi, dzina limodzi

Cha m'ma 1905 mnyamata wina wa ku Berlin, Lucian Bernhard, anapambana mpikisano wotsatsa machesi a Priester. Nkhani imene olemba mbiri ya lusoli amasimba ndi yakuti chithunzi chake choyamba chinali ndi nsalu ya patebulo, mbale ya phulusa, ndudu yaikulu ndi utsi, ndipo iye anayamba kufufuta chimodzichimodzi mpaka panatsala timitengo tiwiri ta machesi, tofiira ta mitu yachikasu, pamalo akuda, ndi dzina la kampaniyo m'malembo a buluu. Ajeremani anaitcha sitayilo imeneyi Sachplakat, kutanthauza positala ya chinthu. Bernhard anaibwerezanso pa nsapato za Stiller mu 1908: nsapato imodzi, dzina limodzi, basi.

Mphamvu ya luso limeneli sitingaikane, ndipo Amalawi anaiona ndi maso awo pa referendamu ya pa 14 June 1993, pamene funso lalikulu la ulamuliro wa chipani chimodzi kapena zipani zambiri linaimiridwa ndi zinthu ziwiri zokha, tambala wakuda ndi nyali. Wodziwa kuwerenga ndi wosadziwa anamva mofanana.

Pali chifukwa chinanso chimene chithunzi cha chinthu chimodzi chimakomera Chichewa. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mawu akuti mtengo polankhula sasokoneza, pakuti wa m'nkhalango ndi wa pamsika amatchulidwa mosiyana, koma papepala ndi amodzi. M'buku chiganizo chonse chimathandiza wowerenga kusankha. Pa positala ya mawu awiri kapena atatu thandizo lotero palibe, ndipo chithunzi ndicho chimagwira ntchito imene liwu limagwira pakamwa. Wojambula amene wadziwa izi amasankha chithunzi ngati mmene mlembi amasankhira mfotokozi.

Komabe sitayilo ya Bernhard ili ndi malire amene otsanzira sawaona. Iye ankagulitsa katundu wodziwika kale, motero dzina linkakwanira. Mapositala ambiri a m'Chichewa amalangiza, kuchenjeza ndi kuletsa: gonani m'masikito, sambani m'manja, pititsani ana ku katemera. Mtima wa uthenga wotere ndi mneni, ndipo mneni wa Chichewa ndi katundu womangidwa pamodzi. M'mawu amodzi akuti musawasiye muli wochita, kukana, wochitiridwa ndi tsinde. Simungachotsepo kanthu monga Bernhard anachotsera mbale ya phulusa.

Zolakwika ziwiri zimachokera pamenepa. Choyamba ndi kudula ulemu. Pofuna mawu aafupi amene angakule kudzaza pepala, wojambula amasankha Gula m'malo mwa Gulani, Bwera m'malo mwa Bwerani. Malembo awiri amene wapulumutsawo ndi amene amasiyanitsa kulankhula ndi mwana ndi kulankhula ndi munthu wamkulu. Pali nthawi pamene kulankhula kwa chinzake kumayenera, monga pa uthenga wa achinyamata okhaokha. Koma chikhale chisankho cha mlembi amene waganizira omvera ake, osati chotsatira cha kuchepa kwa malo.

Chachiwiri n'choopsa kuposa choyamba. M'Chingerezi mawu okana amaima paokha, ndipo wojambula akhoza kuwakuza ndi kuwapaka utoto wofiira. M'Chichewa kukana kumabisala m'kati mwa mneni, mu si- kapena -sa-, timalembo tiwiri. Taganizirani chikwangwani chimene chaika OSA m'malembo ang'onoang'ono pamwamba, kenaka TAYA ZINYALALA PANO m'malembo akuluakulu pansi. Wodutsa patali awerenga lamulo lomuuza kuti ataye. Chimodzimodzi wasitolo amene walola kuti SI apatukane ndi TIKONGOZA waitana ngongole ndi dzanja lake lomwe. Mneni wokana ayenera kukhala wathunthu, pamzere umodzi, pamsinkhu umodzi ndi mu utoto umodzi. Wofuna kutsindika kukanako ali ndi mawu oima paokha monga Ayi ndi Toto, amene angakuzidwe mmene angafunire popanda kuthyola kanthu.

Dessau ndi Zürich: dongosolo ndi malembo aang'ono

Sukulu ya zaluso ya Bauhaus, imene inatsegulidwa ku Weimar mu 1919 n'kusamukira ku Dessau mu 1925, inadana ndi zokongoletsa. Kumeneko Herbert Bayer analimbikitsa kulemba ndi malembo aang'ono okhaokha. Maganizo a kayalidwe katsopano anafalikira kwambiri ndi buku la Jan Tschichold la mu 1928, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anakhwimira ku Zürich ndi ku Basel. Josef Müller-Brockmann ankayamba wagawa pepala m'zigawo zoyezedwa bwino, n'kuika mawu ndi zithunzi motsata mizere yosaonekayo. Positala yake ya mu 1955 yoitanira anthu ku nyimbo za Beethoven ilibe nkhope ya munthu: ili ndi zigawo za mikombero zakuda pa pepala loyera, ndi dzina la woimbayo loyamba ndi lembo laling'ono. Mu 1957 Max Miedinger anakonza malembo osalala, opanda timapazi kunsonga, amene mu 1960 anapatsidwa dzina lakuti Helvetica.

Mwa masitayilo atatuwa, iyi ndi imene ili ndi mphatso yaikulu kwa Chichewa, ngakhale kuti ndi imene imaoneka youma. Akatswiri a ku Switzerland ankakonda kufola mizere kumanzere n'kusiya kumanja kuti mzere uliwonse uthere pamene wathera. Kayalidwe kotere kamachotsa chifukwa chodulira mawu. Chiyankhulo cha mawu ataliatali ngati chathu chimavutika kwambiri chikakakamizidwa kudzaza mzere kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete, chifukwa wojambula amayenera kusankha pakati pa kudula mawu, kupanikiza malembo ndi kusiya mipata ikuluikulu pakati pa mawu. Kusiya kumanja momasuka kumathetsa mavuto atatu onsewo. Nawonso malo opanda kanthu, amene sitayiloyi imawalemekeza, amapatsa mneni wautali bwalo loti aimepo wathunthu.

Chimene sitiyenera kutengako ndi kutaya malembo aakulu. Bayer anali ndi chifukwa chochokera m'chinenero chake: Chijeremani chimayamba dzina lililonse, ngakhale la mpando kapena galu, ndi lembo lalikulu, motero tsamba limadzaza nawo. Chichewa chimawagwiritsa ntchito mosamala, poyamba chiganizo ndi pa mayina a mwinimwini, ndipo pamenepo amagwira ntchito yooneka. Mayina athu ambiri ndi mawu a tsiku ndi tsiku: Chisomo ndi chisomo, Mavuto ndi mavuto, ngakhalenso Malawi dziko ndi malawi a moto. Lembo lalikulu ndilo mpanda wokhawo pakati pa awiriwa. Tizindikirenso kuti kulemba uthenga wonse m'malembo aakulu okhaokha kumagwetsa mpanda womwewo.

Pa mapositala a mtundu uliwonse, chizindikiro chimene chimazunzika koposa ndi nkhodolero. Kwa wojambula, iyo ndi kadontho kosokoneza mzere wosalala, ndipo pakati pa malembo aakulu imaoneka ngati fumbi. Kwa wowerenga, iyo ndi kusiyana kwa m'bale ndi mbale, kwa ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'tchire. Woitanira anthu ku gule amene wataya nkhodolero walonjeza nyama. Pakufunika kuti mkonzi aone ngati nkhodolero ilipo, komanso ngati ikuoneka kwa munthu amene waima patali. Chimodzimodzi lembo la ŵ kwa amene amaligwiritsa ntchito: malembo ambiri okongoletsa a m'kompyuta alibe lembo limeneli, ndipo makina amabwereka la banja lina kapena kuika kabokosi m'malo mwake. Banja la malembo liyesedwe ndi mawu a Chichewa lisanasankhidwe.

Mawu ogwirira ntchito

Mkonzi wa Chichewa kawirikawiri amaitanidwa positala itatha kale, kuti angoona ngati malembo ali bwino. Akafuna kutsutsa kayalidwe amasowa mawu, n'kuyamba kulankhula Chingerezi cha wojambula, ndipo pabwalo la eni ake mlendo sapambana mlandu. Vuto lili pakuti mawu amene tili nawo amasenza katundu wambiri. Kujambula ndi kwa pensulo, kwa kamera ndi kwa mawu a pa wailesi. Chithunzi ndi cha dzanja ndi cha kamera chomwe. Mtundu ndi wa anthu, wa zinthu ndi wa maonekedwe, kotero kuti wonena kuti sinthani mtundu wa malembo sadziwika ngati akudandaula kufiira kwake kapena kaumbidwe kake. Pofuna kuyambitsa zokambirana, tikupereka maganizo awa:

1. Positala ndi chikwangwani. Tisunge onse awiri. Chikwangwani chikhale cha thabwa, chitsulo kapena khoma, chokhalitsa pamalo. Positala ikhale ya pepala losindikizidwa lochuluka, lomatidwa kwa kanthawi. Kuchuluka kwake ndi mapositala, monga timanenera kompyuta, makompyuta.

2. Kayalidwe. Mmene mawu ndi zithunzi zaikidwira papepala. Mawuwa achokera ku kuyala, monga timayalira mphasa kapena malonda pamsika.

3. Chimango cha tsamba. Mizere yosaoneka imene kayalidwe kamatsamira. Chimango cha nyumba sichioneka nyumba ikatha, koma ndicho chimaiimika.

4. Banja la malembo. Malembo onse a kaumbidwe kamodzi, monga Helvetica. Mawu akuti banja akutipatsa mwayi wonena za malembo onenepa, owonda ndi opendekeka a m'banja limodzi.

5. Malembo a timapazi ndi malembo opanda timapazi. Timapazi ndi timizere timene timatsekera nsonga za malembo a m'mabuku ambiri.

6. Utoto. Tiugwiritse ntchito ponena za kufiira, kuyera, kuda kapena kubiriwira kwa chinthu chosindikizidwa, kuti mawu akuti mtundu apumeko.

7. Danga. Malo osiyidwa dala opanda kanthu. Mpata ukhale wa pakati pa mawu kapena pakati pa mizere.

8. Mawu otsogola ndi mawu otsatira. Otsogola ndi amene diso liyenera kuyamba kuona. Otsatira ndi ofotokoza tsiku, malo ndi mtengo.

Mwa asanu ndi atatuwa, amene tikuona kuti angadzutse mtsutso ndi utoto, chifukwa kwa ambiri utoto ndi chinthu chopaka, ndipo m'misika anthu amangoti kala. Aphunzitsi a zaluso ndi olemba zikwangwani ndi burashi, amene amagwira zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku, ndiwo angatiuze ngati mawuwa akukhala bwino pakamwa. Mawu a ntchito amene eni ntchito akuwakana amafera m'kabati.

Mawu otsiriza

Chéret, Bernhard ndi Müller-Brockmann ankasiyana pafupifupi pa chilichonse, koma aliyense ankawerenga chinenero chimene ankachiyala, ndipo ankadziwa pamene chingapindike ndi pamene chingathyoke. Ichi ndicho choyenera kutengera kwa iwo tisanatengere utoto ndi mikombero yawo.

Pempho lathu kwa akonzi ndi lakuti alowe m'ntchito pamene chimango chikukonzedwa, mawu asanaumirizidwe m'malo amene anayezedwera Chingerezi. Positala isanapite kosindikiza ayiyese motere: ayipachike pakhoma, aime patali, awerenge mokweza mzere uliwonse paokha, kenaka awerenge mawu otsogola okha. Ngati mzere wina ukunena zosemphana ndi uthenga wonse, ngati nkhodolero yazimirira, ngati mawuwo sangalankhulidwe pamaso pa apongozi, kayalidweko sikanathe. Kwa aphunzitsi, zikwangwani za pamsika wapafupi ndi buku laulere: ophunzira azikopere m'makope awo, apeze pamene phatikizo lathyoledwa, ndipo ayalenso uthengawo okha. Owerenga amene ali ndi mawu abwino kuposa amene tapereka pamwambapa atilembere, kuti tidzawaunike m'kope lotsatira.